Hogan wapita, koma mkangano wa resiling'i sunathe ku Mchinji

Uthenga wa imfa ya Hulk Hogan unandipeza pa Kamwendo ndili pampando wometera, mbali imodzi ya mutu itayera kale. Munali mu July 2025. Mnyamata wometayo anaimitsa kaye makina, kuyang'ana pafoni yake, n'kunena mosalabadira kuti kwamwalira mdala wina wa resiling'i. Kwa iye inali nkhani wamba. Koma bambo wina wa imvi amene ankadikira pabenchi anavula chipewa n'kuchiika pabondo ngati wamva za mnansi.

Sipanathe mphindi zisanu, m'kanyumbamo munali phokoso. Bambo uja ati Hogan analibe mnzake. Mnyamata wa kabaza ati ayi, mwamuna ndi John Cena. Wometa uja ati nonse mukutaya nthawi, zimenezija n'zabodza. Ine mumtima ndinangoti, eee, mkangano uja ndinausiya ndili mwana wa sukulu udakalipo?

Achinyamata a lero sangamvetse mmene masewerowa anatilowera m'magazi. Kumbukirani kuti dziko lino linalibe wailesi ya kanema mpaka 1999 pamene Television Malawi inayamba. Anzathu a ku Zambia anali nayo kalekale. Tsono ife a m'malire tinali ndi mwayi umene ena analibe, poti Chipata ndi pakhomo pompa. Anthu ankadutsa pa Mwami, ena m'tinjira ta m'minda, atanyamula mtedza kapena nkhuku, pobwerera n'kutenga zitenje, sopo ndi matepi a vidiyo. Matepi ena ankafika atajambulidwa kuchokera pa tepi inzake kangapo konse, moti nkhope ya munthu inkangooneka ngati ili m'chifunga.

Koma ife zimenezo sitinkaziona. Tinkapanikizana m'kanyumba ka zidina kotchinga ndi masaka pazenera, jenereta ikulira panja, fungo la thukuta ndi fodya wa chingambwe lili thoo. Mwini vidiyo ankalemba ndi choko pabolodi pakhomo kuti lero kuli Hogan. Ife matambala ogulira pensulo ankathera pamenepo, ndipo zikwapu zimene ndinalandira chifukwa cha mdala ameneyu sindingaziwerenge.

Amene anandilowetsa koyamba anali malume anga, mlimi wa fodya wa kufupi ndi Mkanda. Iwowa anali okonda nkhonya kuyambira masiku a Lottie Mwale wa ku Zambia, uja anakalimbirana lamba wa dziko lonse ku America mu 1980. Ataona resiling'i anangoti iyi ndi nkhonya yomweyo, kungoti azungu achotsamo malamulo. Tepi imene ankaikonda inali ya WrestleMania III ya mu 1987, pamene Hogan ananyamula André the Giant, chimunthu cha ku France chimene ankalengeza kuti chinkalemera makilogalamu oposa 230, n'kuchimenyetsa pansi. Eni masewero analengeza kuti tsiku limenelo ku Pontiac Silverdome kunali anthu 93,173, ngakhale ena ofufuza amati chiwerengerocho anachikokomeza. Malume tepiyo anaionera kosawerengeka, koma nthawi iliyonse ankadzuka pabenchi n'kukuwa ngati sakudziwa mathero ake.

Pabwalo lathu panali magulu atatu. Loyamba linali la Hogan. Lachiwiri linali la Undertaker, amene anatulukira mu 1990 atavala zakuda ngati wochokera kumanda. Gulu limeneli silinkakamba za mphamvu ayi, linkakamba za kukhwima. Ati munthu wamba sangamenyedwe chotero n'kudzuka tsonga maso ali oyera, mankhwala ake ali m'kamphika kaja amanyamula Paul Bearer. Gulu lachitatu linali la aphunzitsi ndi ana a sekondale, amene ankaseka onsewo kuti akupusitsidwa.

Funso ndi lakuti, ankanena zoona ndani? Inetu nditakula ndinazifufuza, ndipo ndinapeza kuti aliyense anagwirako mwendo umodzi wa nyamayo.

Aphunzitsi aja sankanama. Wopambana amadziwika masewero asanayambe. Izi si mphekesera, eni ake anavomera okha. Mu 1989 kampani ya WWF, imene Vince McMahon anaigula kwa bambo ake mu 1982, inauza aphungu a chigawo cha New Jersey kuti zimene imachita ndi zisangalalo chabe osati mpikisano weniweni. Chifukwa chake chinali ndalama: inkafuna kuchoka pansi pa bungwe loyang'anira nkhonya ndi masewero ena otero, limene linkailipiritsa ndi kuiikira malamulo. Taonani, chinsinsi chimene tinkatukwanirana pa Kamwendo mu 1994, mwini wake anali ataulula kale zaka zisanu m'mbuyomo pofuna kupulumutsa thumba lake.

Ngakhale maina ndi maiko amene ankatiuza ambiri anali opeka. Undertaker ndi Mark Calaway wa ku Texas. Yokozuna, amene ankabwera ndi mbendera ya Japan, anali Rodney Anoa'i, wobadwira ku America m'banja lochokera ku Samoa. Koma chimene chimandiwawa ine mpaka lero ndi Kamala. Ankamutchula chimphona cha ku Uganda, wopanda nsapato, wopakapaka nkhope ndi mimba, wosadziwa kuyankhula, woyenda ndi munthu womuweta ngati chinyama. Ife tinkamuombera m'manja kuti ndi wathu wa muno mu Africa. Chonsecho anali James Harris wa ku Mississippi. Azungu ankaseka chithunzi chonyoza munthu wakuda wa kuno, ife n'kumalipira kuti tiseke nawo. Ngakhale Kofi Kingston, mwana weniweni wa ku Ghana, anayamba ndi kumunamizira kuti ndi wa ku Jamaica, ndipo zinatengera mpaka 2019 kuti munthu wobadwira mu Africa atenge lamba wamkulu wa WWE.

Komabe malume nawo sankanama pamene ankati anthuwa amapwetekadi. Mathero ndi okonzeratu, koma pansi pamene munthu amagwerapo ndi penipeni. Magazi aja tinkati ndi tomato nthawi zambiri anali enieni: munthu ankabisa kachidutswa ka lezala n'kudzicheka yekha pamphumi. Mu June 1998 Undertaker anaponya Mick Foley kuchokera pamwamba pa khola la waya, mtunda wa mamita pafupifupi asanu, n'kukagwera pathebulo. Zinali zopangana, inde, koma phewa linaguluka, ndipo atagwanso kachiwiri m'masewero omwewo dzino linakapezeka pamphuno.

Choopsa kwambiri chinachitika pa 23 May 1999 ku Kansas City. Owen Hart, wa zaka 34, ankamutsitsa ndi chingwe kuchokera kudenga kuti asangalatse anthu. Chomangira chinamasuka, iye n'kugwa mtunda woposa mamita 20, ndipo anamwalira usiku womwewo. Nanga masewero anaima? Ayi ndithu, anapitirira mpaka kumapeto. Kwathu kuno ngakhale mpira wa m'mudzi umaima kukagwa zovuta. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Nkhani yonseyi ndi malonda, abale anga, ndipo malonda ake ndi ouma mtima. Anthu ogwetsanawa sawerengedwa ngati antchito okhazikika a kampani, ndipo alibe bungwe lowayankhulira. Jesse Ventura, amene pambuyo pake anakhala bwanamkubwa wa Minnesota, anayesa kuwasonkhanitsa mu 1986, ndipo wakhala akunena kuti amene anakamuneneza kwa bwana anali Hogan yemweyo. Mu 1994 McMahon anazengedwa mlandu wokhudza mankhwala okulitsa minofu. Khoti linamupeza wosalakwa, koma Hogan pochitira umboni anavomera kuti iye anagwiritsapo ntchito mankhwalawo. Ameneyu ndi munthu uja ankalangiza ana kuti azipemphera ndi kumwa mavitamini kuti akhale ngati iye!

Chaka chomwecho Hogan anasamukira ku kampani ina, WCW, ya Ted Turner mwini CNN. Mu 1996 anasanduka munthu woipa, kuvala zakuda n'kutsogolera gulu la nWo. Tepi imeneyo itafika kwathu malume anakhala sabata osapita kuvidiyo, ati mnyamata uja walowa chipani china. Inu mukudziwa kuti masiku amenewo mawu oterowo sanali ocheza, poti tinali titangolowa kumene m'ndale za zipani zambiri ndipo andale athu ankasamuka ngati mbalame za mpunga. Makampani awiriwa analimbana koopsa, WCW n'kutsogola kwa masabata 83 otsatizana pa chiwerengero cha oonera, koma pofika March 2001 McMahon anaigula n'kuitseka.

Pali tsiku limodzi lokha limene magulu onse atatu a pabwalo lathu anagwirizana kuti apa ndiye zenizeni. Mu November 1997 ku Montreal, Bret Hart, amene anali pafupi kupita ku WCW, anakana kutaya lamba kwa Shawn Michaels pamaso pa anthu a kwawo ku Canada. Anapangana mathero ena. Koma masewero ali m'kati McMahon analamula kuti belu lilire ngati Hart wagonja, asanagonje. Hart anamulavulira bwana wakeyo anthu akuona. Ndiye onani: tsiku limene kunachitika chinyengo chenicheni ndi tsiku limene anthu anaphwanya pangano la sewero.

Lero kampaniyo imatchedwa WWE, dzina limene inatenga mu 2002 italuza mlandu ndi bungwe losamalira nyama zakutchire la World Wildlife Fund. Mu 2023 inaphatikizidwa ndi UFC pansi pa kampani ya TKO, ndipo mu January 2024 McMahon anatula pansi udindo mayi wina amene ankagwira ntchito kumeneko atamusumira pa nkhani za nkhanza, zimene iye anazikana. Mwezi womwewo Netflix inagwirizana zolipira madola mabiliyoni asanu pa zaka khumi kuti izionetsa pulogalamu ya Raw. Matambala athu a pensulo aja anali dontho chabe m'nyanja imeneyi.

Mwina mukuti, nanga zonsezi zikutikhudza bwanji ife olima mtedza? Ndikuuzani. Zaka zingapo zapitazo mdzukulu wa malume, mwana wa Sitandade 4, anakwera pamwamba pa ngolo n'kudumphira mnzake amene anagona pamulu wa makoko a mtedza, ati akuchita za Rey Mysterio. Mnzakeyo anachita mantha n'kuthawa. Mwanayo anafikira dzanja, mkono n'kuthyoka pawiri. Tinamunyamula panjinga usiku, ndipo ndalama ya feteleza chaka chimenecho inathera pa maulendo a kuchipatala. Mpaka pano mkonowo suwongoka bwino.

Tili pakhonde la chipatala ndinalimba mtima. Ndinati, "Malume, mundikhululukire, koma zija timaonera zija amachita kupangana. Wogwetsedwayo amathandiza womugwetsa, ndipo amaphunzira kagwedwe zaka ndi zaka." Anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anati, "Mphwanga, ukuganiza kuti sindinkadziwa? Munthu wamkulu angamenyedwe ndi mpando kumutu n'kubweranso sabata yamawa? Ndinkadziwa, koma zinkakoma kusadziwa. Cholakwa changa n'chakuti mwanayu sindinamuuze."

Mawu amenewo sanandichoke. Akuluakulu ambiri amene amakangana pa Kamwendo, pa Kapiri kapena pa Boma amadziwa ndithu. Mkanganowo ndi mbali ya chisangalalo, monga mmene timakanganirana za Bullets ndi Wanderers. Ndipo palibe chochititsa manyazi pokonda sewero. Kodi amene ankamvera Kapalepale pa MBC anali opusa? Kodi Izeki ndi Jakobo akamakangana pabwalo, alipo ankathamangira kupolisi? Tinkadziwa kuti ndi luso, ndipo tinkawalemekeza chifukwa cha lusolo. Ogwetsanawa nawo ndi a zisudzo, kungoti zisudzo zawo amalembera pathupi.

Amene sadziwa ndi mwana. Iye amaona munthu akugwa n'kudzuka, basi. Chenjezo lija amaika pakanema lakuti musayesere zimenezi kunyumba limabwera m'Chingerezi, ndipo pa timavidiyo ta pafoni timene ana amatumizirana masiku ano silipezekapo n'komwe. Kale mwana ankafunika tambala kuti aonere. Lero akungosuzumira pafoni ya mkulu wake.

Tsono pempho langa si lakuti tiletse resiling'i. Zoletsaletsa tinatopa nazo m'zaka za chipani chimodzi, ndipo choletsedwa ndicho mwana amachifunitsitsa. Ndikupempha zinthu ziwiri zokha. Eni nyumba za vidiyo, musalowetse ana a yunifolomu nthawi ya sukulu, ndipo musanayatse kanema nenani m'Chichewa chomveka kuti awa ndi akatswiri ophunzitsidwa. Makolo ndi amalume anzanga, khalani pansi ndi mwana mumuuze za Owen Hart, mumuuze kuti ngakhale odziwawo amafa nazo. Chisangalalo sichichepa chifukwa mwana wadziwa zoona.

Tsiku lija nditachoka kometetsa ndinapalasa njinga mpaka kwa malume kukawauza za Hogan. Ndinawapeza akusoka mkeka pansi pa mtengo wa mango, maso atayamba kale kuchita mdima. Anafunsa zaka zake, ndinati 71. Anagwedeza mutu n'kunena kuti anali mwana ndithu. Kenaka anaitana mdzukulu uja, amene tsopano ndi mnyamata wa sekondale, kuti awapezere pafoni tepi ija ya André. Tinaonera atatu, mitu itagundana. Hogan atanyamula chimunthu chija, malume anaponya singano pansi n'kukuwa monga kale, mnyamatayo akuwaseka n'kumawafotokozera mmene André anadzikankhira yekha m'mwamba kuti amuthandize mnzake.