NKHONDO INATHA KU AMERICA, MLANDU WA MINDA UNATSALA

Sabata ino tikusimbirani za dziko la America, ndi umo anthu ake anayesera kulimanganso atamenyana okhaokha zaka zinayi. Nkhaniyi ndi yakale, koma aliyense wogwira khasu adzaimva msanga, pakuti pakati pake pali mlandu wa munda.

Dziko la America lili ndi zigawo zambiri, ndipo Boma lalikulu limakhala ku Washington. M'zigawo za Kumwera munali akapolo pafupifupi 4 miliyoni, anthu akuda amene makolo awo anatengedwa ku Africa m'zombo. Ndiwo anali kulima thonje, fodya, mpunga ndi nzimbe popanda malipiro. Abraham Lincoln atasankhidwa kukhala Pulezidenti mu 1860, eni akapolo anaopa kuti ukapolo utsekerezedwa, chotero zigawo 11 zinapatuka kukayambitsa dziko lawolawo. A Kumpoto anakana kuti dziko ligawike, ndipo nkhondo inabuka mu 1861. Pamene inatha, asilikali oposa 620,000 anali atafa, ambiri a iwo ndi matenda a m'misasa.

Pa 9 Epulo 1865 mkulu wa nkhondo wa Kumwera, Robert E. Lee, anagonja kwa Ulysses S. Grant pa mudzi wa Appomattox m'chigawo cha Virginia. Grant sanamange ogonjawo. Anawapatsa chakudya pakuti anali ndi njala, nalola kuti amene anali ndi kavalo kapena nyulu wakewake apite naye kwawo, chifukwa inali nyengo yobzala. Nyulu ndi nyama yobadwa mwa bulu ndi kavalo, ndipo alimi a kumeneko anali kuikoketsa pulawo monga ena kuno achita ndi ng'ombe. Tsono asilikali ogonja anabwerera ku minda yawo. Nanga akapolo omasulidwa aja akanabwerera ku munda wa yani?

Funso limeneli linali litafunsidwa kale. Pa 12 Januwale chaka chomwecho, mumzinda wa Savannah, mkulu wina wa nkhondo wa Kumpoto, William T. Sherman, anakumana ndi atsogoleri 20 a mipingo ya anthu akuda kuti amve maganizo awo. Wowalankhulira anali mbusa wa zaka 67, Garrison Frazier, amene anadziwombola yekha mu ukapolo pamodzi ndi mkazi wake polipira madola 1,000. Atafunsidwa umo anthu ake angadzisamalire, mbusayo anayankha kuti apatsidwe malo alime ndi manja awo, kufikira adzathe kuwagula akhale awoawo. Patapita masiku anayi Sherman analamula kuti zisumbu ndi minda ya mpunga ya m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Charleston kutsikira ku Florida, imene eni ake anaithawa, igawidwe kwa omasulidwa, banja lililonse osapitirira maekala 40. Ena anabwerekedwanso nyulu za asilikali. Pofika mwezi wa Juni anthu pafupifupi 40,000 anali atakhazikika pa malowo, mbewu zili m'nthaka.

Ambiri a iwo sanakololepo kawiri. Lincoln anawomberedwa pa 14 Epulo, namwalira m'mawa mwake. Wolowa m'malo mwake, Andrew Johnson, anali wa ku Tennessee, ndipo kwa iye kugwirizanitsa dziko kunali kugwirizanitsa azungu a mbali ziwirizo basi. Anakhululukira eni minda zikwizikwi, nalamula kuti abwezeredwe malo awo. Wokanena uthengawu anali Oliver O. Howard, mkulu wa ofesi imene Boma linatsegula kuti ithandize omasulidwa, yotchedwa Freedmen's Bureau. Mu Okutobala 1865 anapita pa chisumbu cha Edisto, naima m'tchalitchi chodzaza anthu, nawauza kuti minda ibwerera kwa ambuye awo akale, ndi kuti iwo alembedwe ntchito kwa omwewo. Talingalirani, inu amene mudziwa thukuta la kupalira, umo mawuwo anawalasira. Anthu a pa Edisto analembera kalata Pulezidenti, nati ali okonzeka kulipira malowo, koma pempho lawo silinamveke.

Pamenepo panabadwa kalimidwe kogawana zokolola. Mwini malo analibe ndalama zolipira antchito, pakuti ndalama za Kumwera zinasanduka mapepala achabe. Womasulidwa analibe malo, ndiponso anakana kulimanso m'magulu pansi pa kapitawo wa chikoti. Anapangana kuti banja lipatsidwe kachigawo ka munda, nyumba, nyulu ndi mbewu, ndipo thonje likakololedwa agawane, kawirikawiri theka ndi theka. Pokumva zikoma ndithu, koma msampha unali kusitolo. Banja linali kudya pa ngongole chaka chonse: ufa, nyama ya nkhumba, nsalu, nsapato, zonse zolembedwa m'buku pa mtengo wokwera, ndi chiwongoladzanja pamwamba pake. Wosunga bukulo ndi woyesa thonje pa sikelo kawirikawiri anali munthu mmodzi, ndipo mlimi wosadziwa kuwerenga akanatsutsa bwanji? Chaka chikatha ambiri anali kuuzidwa kuti ngongole idakalipo, ndipo m'malo ambiri wangongole sanali kuloledwa kusamuka. Wasitolo anali kufuna thonje lokha, chifukwa ndilo linali ndi msika, chotero nthaka inaguga ndi kubzala mbewu imodzimodzi chaka ndi chaka. Azungu osauka ambiri anakodwa mu msampha womwewo. Akuluakulu a ku Thyolo ndi ku Chiradzulu amene anamva za thangata adziwa umo amakhalira munthu pa malo a mwini.

Sitikunena kuti palibe chimene chinapindulidwa. Zigawo za Kumwera zitapanga malamulo omanga munthu wakuda wopezeka wopanda kalata ya ntchito, Nyumba ya Malamulo ya ku Washington inalimbana ndi Johnson. Malamulo aakulu a dziko anasinthidwa katatu: mu 1865 ukapolo unathetsedwa, mu 1868 wobadwira m'dzikomo anakhala nzika, ndipo mu 1870 kunaletsedwa kumana mwamuna voti kaamba ka khungu lake. Chaka chomwecho Hiram Revels wa ku Mississippi anakhala wakuda woyamba kulowa m'nyumba ya Senate. Anthu amene anamwazikana pogulitsidwa anayenda mitunda yaitali kufunafuna ana ndi makolo awo.

Chimene chinazika mizu koposa ndi sukulu. Mu ukapolo zigawo zambiri zinali kuletsa kuphunzitsa kapolo kuwerenga. Tsono agogo ndi adzukulu anakhalira benchi limodzi kuphunzira zilembo. Sukulu zazikulu zinatsegulidwa: Fisk mu 1866, Howard mu 1867, Hampton mu 1868. Pambuyo pake mipingo ya Baptist ya anthu akuda inamanga sukulu yake ku Lynchburg, mailosi osakwana 30 kuchokera ku Appomattox kuja, ndipo kumeneko ndiko John Chilembwe anakaphunzira asanabwerere kuno mu 1900.

Koma voti ya munthu wokhala pa malo a mwini siichedwa kulandidwa, pakuti akavotera amene mwini malo sakumufuna, mawa lake auzidwa kuti asamuke. Kumene kuopseza kunalephera, kunabwera gulu la Ku Klux Klan, loyenda usiku litaphimba nkhope, kutentha masukulu ndi kupha atsogoleri a anthu akuda. Grant, amene anakhala Pulezidenti mu 1869, analithyola gululo potumiza asilikali mu 1871, koma a Kumpoto anayamba kutopa nayo nkhaniyi, makamaka malonda atagwa mu 1873. Chaka chotsatira banki imene omasulidwa anali kusungako tindalama tawo, Freedman's Savings Bank, inagwanso. Mu 1877, utatha mkangano wa chisankho, Pulezidenti Rutherford B. Hayes anachotsa asilikali amene anali kulondera maboma a ku Louisiana ndi ku South Carolina. M'zaka zotsatira anthu akuda analandidwa voti ndi misonkho ndi mayeso a kuwerenga, ndipo tsankho linalembedwa m'malamulo, kufikira malamulo atsopano a 1964 ndi 1965.

Angakhale zinali chotero, mabanja ena anasunga pang'onopang'ono, nagula malo. Pofika 1910 alimi akuda anali ndi maekala pafupifupi 15 miliyoni awoawo. Komabe chaka chomwecho, zitapita zaka 45 chilankhulire mbusa Frazier ku Savannah, pa alimi akuda anayi alionse a Kumwera, atatu anali akulimabe pa malo a eni.