Onga wa pa sikelo ndi onga wa m'dzanja

Mlenje wa ku Texas amene walipira ulendo wokasaka njati m'chigwa cha Luangwa amayamba ntchito kudakali miyezi, ali m'kachipinda kuseri kwa nyumba yake. Zipolopolo zogula zilipo m'masitolo, koma ambiri mwa alenje oterewa amakonda kudzikonzera okha. Amatenga chigoba cha mkuwa n'kuchiwongola pa makina opanikiza ndi dzanja, kumatako kwake n'kuikako kachitsulo koyatsira moto, onga n'kuuyeza pa sikelo, mutu wa chipolopolo n'kuukhazika pamwamba. Sikeloyo imawerenga ma grain, tizigawo tochepetsetsa moti ma grain 15 sakwana n'komwe galamu imodzi. Akatha amakawombera pepala, kamakina koyeza liwiro kali patsogolo, zonse n'kumalemba m'kope. Chimene akufuna n'chimodzi: chipolopolo cha makumi awiri chituluke chimodzimodzi ndi choyamba.

Agogo athu nawonso ankadzipakirira okha mfuti, ndipo m'midzi ina ya m'mphepete mwa nkhalango gogodela sanathebe. Koma gogodela alibe chigoba. Onga amauthira kukamwa kwa mpope, poyeza ndi chikhatho kapena kansungwi, n'kutsindira kansanza ndi ndodo, pamwamba pake mtovu, ukasowa kachidutswa ka chitsulo chilichonse. Walira kamodzi, basi. Kupakiranso n'kwa nthawi, ndipo njati yolasidwa siidikira munthu. N'chifukwa chake luso la mwini gogodela linali m'mapazi ndi m'mphuno: kudziwa kumene mphepo ikuchokera, kukwawa mpaka kufika pafupi penipeni, kukhala ndi anzake amikondo kumbuyo, ndi kusunga m'maso mtengo wothawirapo. Achikunda a m'chigwa cha Zambezi, amene ankapha njovu chifukwa cha minyanga, ankayenda m'magulu otsogozedwa ndi katswiri wodziwa mankhwala ndi miyambo. Mfuti ankaisambitsa, mkazi kumudzi ankayenera kudzisunga, ndipo mnyanga wogunda pansi unali wa mfumu mwini dziko.

Wina asaganize kuti kuyeza onga ndi dzanja chinali chikhalidwe cha anthu akuda okha. Frederick Selous, pamene ankayamba kusaka njovu m'dziko la Amandebele cha m'ma 1872, anali ndi chimfuti chopakira kukamwa, onga akuutapa m'thumba ndi dzanja. Tsiku lina chinapakiridwa kawiri mosadziwa, ndipo chitalira chinamugwetsa pansi n'kumuvulaza. Njira zinasiyana pambuyo pake, ndipo lamulo linathandizira kuzisiyanitsa. Pangano la ku Brussels la 1890 linaletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa eni nthaka m'dera lalikulu la Africa, n'kungolola mfuti zachikale ndi onga wamba. Azungu anapitirira ndi mfuti za .416 Rigby mu 1911 ndi .375 Holland & Holland mu 1912, ife tinatsala ndi ndodo yotsindirira.

Chodabwitsa n'chakuti dzuwa la kuno ndilo linawaphunzitsa kusamala. Onga wa cordite umene Angelezi ankagwiritsa ntchito unkakalipa ukatenthedwa, mphamvu m'mpope n'kukwera, chigoba n'kukanirira osatuluka, mlenje ali maso ndi maso ndi njovu. Ankathana nazo popanga zigoba zikuluzikulu kuti onga usapanikizike. A ku America anayesa njira ina mu 1956 ndi .458 Winchester Magnum, ya chigoba chachifupi chodzaza thothotho, ndipo posakhalitsa inatchuka ndi mbiri yakuti onga wake umagwirana m'chitungu, chipolopolo n'kutuluka chofooka. Mlenje wina, Jack Lott, anavulazidwa ndi njati ku Mozambique mu 1959 atanyamula mfuti yotereyi. Anabwerera kwawo n'kutalikitsa chigobacho, ndipo mu 1971 panabadwa .458 Lott. Mpaka lero wodzikonzera zipolopolo wanzeru sadzaza onga mpaka pamapeto pa muyezo, podziwa kuti zimene zayenda bwino m'chisanu cha kwawo zikakumana ndi kutentha kwa Okutobala ku Luangwa.

Amasankhanso mutu. Wofewa, umene umaphanuka ukalowa m'thupi, ndi wowombera koyamba pa njati. Wolimba, wosapindika, ndi woboola chigaza cha njovu kapena wotsatira nyama yolasidwa. Amavutika kuti yonse iwiri izigwera malo amodzi papepala. Ndege zimangomulola makilogalamu 5 a zipolopolo, ndipo pachipata a kasitomu amafuna zolembedwa pa chigoba zigwirizane ndi mfuti imene ili pachiphaso.

Apa ine sindikometsa gogodela. Amavulaza nyama zambiri kuposa zimene amagwetsa, ndipo njovu yoyenda ndi chitsulo m'thupi ndiyo imasanduka yolusa, n'kudzapha mayi wosalakwa kumunda. Mpope wosula pamudzi ukaphulika umadula zala za mwini wake. Pa nkhani yopha msanga popanda kuzunza, wa sikelo uja wapambana, ndipo palibe chotsutsa. Komabe sindivomereza kuti ndiye mlenje woposa. Amene amamupezera njati ndi wolondola mapazi wa m'mudzi wa pafupi, kawirikawiri mdzukulu wa mwini gogodela, ndipo pambali pake paima mlenje waganyu ndi mfuti yachiwiri. Kope lake lija limamuuza za liwiro, osati za kumene nyama yagona.

Malamulo a lero akutsatabe mzere womwewo. Ku South Africa munthu wa chiphaso cha mfuti amaloledwa kudzikonzera zipolopolo zake, ndipo onga wa Somchem ndi wopangidwa konko. Ku Zambia mlendo amasaka mwalamulo m'madera ozungulira mapaki, monga Lupande, ndipo gawo la ndalama limayenera kupita kwa mafumu ndi anthu awo, ngakhale madandaulo akuchedwa kwake samatha. Ku Malawi ulenje wa alendo wa njovu ndi njati kulibe. Mfuti zolira ku Liwonde kapena ku Nkhotakota ndi za oteteza nyama kapena za opha mozemba, ndipo chiyambire kusintha kwa lamulo mu 2017, wopezeka ndi mnyanga angathe kukhala m'ndende zaka 30.