Kutsuka Kabuleta ya Njinga Yamoto

M'miyezi ya Juni ndi Julaye, pamene chisanu chimakula m'maboma monga Dedza, Ntcheu, Thyolo ndi Mulanje, eni njinga zamoto ambiri amavutika kuliza injini m'mamawa. Munthu amaponda chitsulo cholizira kakhumi, thukuta lili kamukamu, koma njinga ili duu. Ikati yalira, imazimanso akangoleka kuipatsa moto. Kwa mlangizi wa zaulimi amene alimi akumudikira, kapena mnyamata wa kabaza amene chakudya cha banja lake chimachokera pa njingayo, limeneli ndi tsiku lotayika. Kawirikawiri gwero la vutoli ndi litsiro m'kabuleta.

Ntchito ya kabuleta ndiyo kusakaniza petulo ndi mpweya. Kuti moto uyake bwino m'injini, pamafunika magawo pafupifupi 15 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, poyeza kulemera kwake. Kunsi kwa kabuleta kuli kambale kosungiramo petulo, ndipo m'menemo muli choyandama chotchedwa fuloti, chimene chimatseka njira ya petulo ndi kasingano kambaleko kakadzaza. Kuchokera m'kambalemo petulo amakwera kudzera m'tizitsulo tamkuwa tobooka pakati, totchedwa majeti. Jeti yaikulu imagwira ntchito njinga ikamathamanga. Yaing'ono, imene amakaniko amati pilot jet, ndiyo imadyetsa injini poyamba kulira ndiponso pamene ikulira yokha njinga itaima. Pa njinga zazing'ono bowo la jeti imeneyi silifika theka la milimita, kotero kamchenga kamodzi kangathe kulitseka.

Kukazizira, petulo sasanduka nthunzi msanga, ndipo wina amangomatirira m'njira yopita ku injini. Ichi ndicho chifukwa chake pali tchoko, imene imachulukitsa gawo la petulo poliza injini yozizira. Tsono njinga imene imalira pokhapokha tchoko ili yokoka, nizima akaibweza ngakhale injini yatentha, ikuonetsa kuti jeti yaing'ono yatsekeka.

Litsiro limalowa m'njira zingapo: fumbi la m'misewu yadothi, dzimbiri la m'thanki, ndi petulo wogulidwa m'zigubu zosatsuka. Petulo wokhalitsa m'kambale amauma nasiya zomata zonga utomoni. Palinso nkhani ya madzi. Kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, petulo wa m'Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo njinga ikakhala nthawi yaitali yosayenda, madzi amadikha kunsi kwa kambale nadyetsa zitsulo.

Asanamasule kanthu, mwini njinga ayambe waona pulagi ndi sefa ya mpweya, pakuti nazonso zikada zimavutitsa injini. Ngati zili bwino, asankhe malo apanja, kutali ndi mbaula, nyali ndi osuta fodya, ndipo adikire injini izizire. Atseke kampopi ka petulo kamene kali kunsi kwa thanki, akhuthulire petulo wa m'kambale m'chitini, kenaka achotse paipi ya petulo ndi waya wa moto, namasula kabuleta. Ayale nsalu yoyera ndi kuikapo zitsulo mwa ndondomeko imene wazichotsera.

Akatsegula kambale, achotse fuloti ndi kasingano kake, namasula majeti onse awiri ndi chomasulira chokwana bwino, chifukwa mkuwa suchedwa kuphwanyika. Pambali pa kabuleta pali sikuluwu yoyezera msakanizo wa petulo ndi mpweya. Asanaichotse aipotokolere m'kati pang'onopang'ono mpaka itakhudza, osaikakamiza, akuwerenga kuti yazungulira kangati. Chiwerengerocho alembe papepala, pakuti ndicho chidzamtsogolera pobwezera.

Zitsulo zonse azitsuke ndi mankhwala otsukira kabuleta, kapena petulo woyera ngati mankhwalawo palibe. Mphira ndi fuloti aziike padera, poti mankhwala amphamvu amazifufumitsa. Kenaka apemerere mpweya m'timabowo tonse. Pampu ya njinga yakapalasa imathandiza. Aloze jeti iliyonse kumene kuli kuwala: bowo lioneke lozungulira ndi loyera. Singano yosokera kapena waya wachitsulo siziyenera kulowa m'jeti, chifukwa zimakulitsa bowo, ndipo njinga imayamba kumwa petulo wambiri ndi kudetsa pulagi. Ngati litsiro lakanirira, ulusi wolimba wa nayiloni ndiwo woyenera. Pa ntchito imeneyi mawu a akulu ndi oona, akuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Akamanga zonse, aonetsetse kuti mphira wolumikiza kabuleta ndi injini sunang'ambike, pakuti mpweya wolowera pamng'alu umachititsa injini kulira mokwera ndi kutsika. Atsegule kampopi, aone ngati petulo sakudontha, kenaka alize injini panja, osati m'nyumba yotseka, popeza utsi wake umapha. Injini ikatentha, asinthe sikuluwu ya liwiro mpaka izilira mofatsa osazima. Njinga zambiri za 125cc zimafuna kuti injini izizungulira pafupifupi ka 1,400 pa mphindi, koma buku la njingayo ndilo limanena chiwerengero chenicheni.

Kupewa n'kosavuta. Petulo wa m'chigubu asefedwe pa nsalu yoyera, sefa ya mpweya itsukidwe kawirikawiri m'nyengo ya fumbi, ndipo njinga ikati ikhale milungu ingapo yosayenda, kampopi katsekedwe ndi kambale kakhuthulidwe. Vuto likapitirira kabuleta itatsukidwa, lingakhale m'mavavu kapena m'magetsi, ndipo pamenepo pafunika makaniko wodziwa. Eni njinga zatsopano zimene zimapopera petulo ndi makina amagetsi adziwenso kuti zawozo zilibe kabuleta, kotero malangizo awa sakuzikhudza.