Mmene kompyuta yosewera chess imasankhira pofufuza mozama

Kompyuta ikamasewera chess siona masewerawo mpaka kumapeto. Nthawi zambiri wosewera amakhala ndi njira pafupifupi 35 zosunthira, ndipo njira iliyonse imabala zinanso zochuluka chimodzimodzi. M'chaka cha 1950, katswiri wa masamu wa ku America, Claude Shannon, anasonyeza kuti palibe makina angatsate nthambi zonsezi. Choncho pulogalamu imaikiridwa malire: ifufuze masitepe angapo kutsogolo, kenako iime n'kuweruza mbali imene zinthu zikuiyendera bwino.

Vuto lagona pa malire omwewo. Tiyerekeze kuti pulogalamu imaona masitepe 6 okha, ndipo mfumukazi yake yapanikizidwa moti idyedwa pa sitepe yachisanu. Pulogalamuyo ikhoza kuyamba kupereka asilikali ake mmodzimmodzi kuti mdani atanganidwe ndi kuwadya. Kudyedwa kwa mfumukazi kumakankhidwira kuseri kwa malire, ndipo makinawo amayesa kuti aipulumutsa, chonsecho angoonjezera chitayiko. Hans Berliner anafotokoza vutoli mu 1973, ndipo limadziwika kuti horizon effect.

Pofuna kuthana nalo, akatswiri anaphunzitsa mapulogalamu kutalikitsa kafukufuku pa nthambi zoopsa zokha. Mfumu ikaopsezedwa, kapena msilikali akatsala pang'ono kufika kumzere wotsiriza kumene amasanduka mfumukazi, pulogalamu imaonjezera sitepe ina m'malo moima.

Njira yanzeru koposa inatulukira ku Carnegie Mellon University mu 1988, pamene Thomas Anantharaman, Murray Campbell ndi Feng-hsiung Hsu analongosola chimene anachitcha singular extension. Mfundo yake ndi yakuti ngati njira imodzi yaposa zinzake zonse kutali, ndiye kuti wosewerayo akukakamizidwa, ndipo tsogolo lake lonse latsamira pa njira imodziyo. Ikapezeka kuti ili ndi msampha, alibenso kothawira. N'chifukwa chake iyenera kufufuzidwa mozama. Makina awo, Deep Thought, anagonjetsa katswiri wa ku Denmark, Bent Larsen, chaka chomwecho.

Pamene Deep Blue ya kampani ya IBM inagonjetsa Garry Kasparov ku New York mu 1997, anthu ambiri anatama liwiro lake la kuyesa malo pafupifupi 200 miliyoni pa sekondi. Liwirolo palokha likanaifikitsa masitepe pafupifupi 12, koma pa nthambi zokakamiza inkatha kufika masitepe 40.

Komabe kutalikitsa kuli ndi mtengo wake. Nthawi ya masewera ndi yowerengeka, ndipo pulogalamu yotalikitsa mwachisawawa imathera mphamvu pa nthambi zopanda pake, n'kulephera kuona zoonekeratu. Opanga Deep Blue ankapatsa nthambi tizigawo ta sitepe, ndipo kafukufuku ankatalika pokhapokha tizigawoto tikakwanira. Mapulogalamu a masiku ano monga Stockfish amagwiritsabe ntchito singular extension, koma amafupikitsanso kwambiri kafukufuku pa njira zooneka zofooka, kuti nthawi yopulumutsidwayo ipite pamene pali ngozi.