Nayonso 4x4 imatitimira m'matope: nkhani yagona pa matayala

Kuchokera mu mzinda wa Blantyre, kudzera ku Lunzu mpaka pa Lirangwe, msewu wa M1 ndi wa phula, ndipo ngakhale kagalimoto kakang'ono kamayenda popanda vuto. Mukangopatuka n'kulowa m'misewu yafumbi yopita kumidzi ya kwa Kuntaja ndi madera ozungulira Chileka, zinthu zimasintha. Mu Okutobala mumakumana ndi fumbi, miyala yosongoka komanso mchenga powoloka mitsinje youma. Mu Januwale msewu womwewo umasanduka phala. Ndi nthawi imeneyi pomwe mumapeza chigalimoto champhamvu, cholembedwa 4x4 kumbuyo kwake, chitaima pakati pa dambo. Matayala akuzungulira, matope akuuluka, anyamata akukankha, koma osasuntha ngakhale pang'ono. Ikakhala galimoto ya matumba a feteleza, eni ake amangodandaula za nthawi. Ikakhala ambulasi yomwe yanyamula mayi woyembekezera wofunika kufika msanga ku Mlambe kapena ku Queens, ola limodzi lotitimira likhoza kutayitsa moyo.

Nanga 4x4 yonseyo yapita kuti? Mawu akuti 4x4 amangotanthauza kuti injini ikhoza kutumiza mphamvu ku mawilo onse anayi, osati awiri okha. Koma mphamvuyo kuti iyendetse galimoto, iyenera kudutsa pa timalo tinayi pomwe matayala akhudza nthaka. Tayala limakankhira nthaka kumbuyo, nthaka n'kukankhira galimoto kutsogolo, monga mmene lamulo lachitatu la Newton limanenera. Kugwirana kwa tayala ndi nthaka, kumene ku Physics mumakutchula kuti friction, kukasowa, injini yaikulu imangothandiza kukumba dzenje mwachangu basi.

Timalo timeneti ndi tating'ono kuposa mmene ambiri amaganizira. Tiyeni tiwerengere. Galimoto yolemera makilogalamu 2,400 imatsindira pansi ndi mphamvu pafupifupi 24,000 N, kutanthauza 6,000 N pa tayala lililonse. Mukukumbukira kuti pressure ndi force kugawa ndi area. Ngati tayala lapopedwa kufika 2.4 bar, yomwe ndi 240,000 Pa, malo okhudza pansi ndi 6,000 kugawa ndi 240,000, yankho 0.025 m², kapena kuti 250 cm². Ndi malo ofanana ndi kunsi kwa nsapato ya munthu wamkulu. Masamuwa ndi ongoyerekeza, chifukwa thupi la tayala nalo limanyamulako katundu, koma chithunzi chake n'cholondola: galimoto yonseyo, dalaivala, namwino ndi wodwala, aima pa nsapato zinayi.

Tsono nsapatozo zimasiyana mano. Ogulitsa amagawa matayala a magalimoto otere m'magulu atatu, ndipo kawirikawiri zilembo zake zimalembedwa m'mbali mwa tayala. H/T ndi la pa phula: mano ake ndi ang'onoang'ono, oyandikana, moti labala wambiri amakhudza msewu. Limayenda mwakachetechete, silidyetsa mafuta ambiri, ndipo mabuleki amagwira bwino pa phula. M/T ndi la m'matope: mano ake ndi zibuma zikuluzikulu zotalikirana, zina zofika mpaka m'mbali. A/T lili pakatikati.

Chimene chimachitika m'matope n'chosavuta kuchimvetsa ngati munayendapo m'munda mvula itagwa. Matope amadzaza mipata ya kunsi kwa nsapato, ndipo mukayenda pang'ono mumakhala ngati mwavala zidina zoterera. Tayala la H/T limatero pakangopita kamphindi: ngalande zake zopapatiza zimatsekeka, ndiye matope a pa tayala amangotsetsereka pa matope a pansi. La M/T lili ndi mipata yotakasuka, choncho likamazungulira matope amathothoka n'kuponyedwa kunja, mano n'kubwerera pansi ali oyera, okonzeka kulumanso. Ndi nkhani ya mipata, osati ya ukali wa maonekedwe. Komabe dothi limasiyana. Katondo, dothi lofiira lija, amaterera pamwamba koma pansi amakhala olimba. Makande a m'madambo amamata ngati ulimbo, ndipo akanyowa kwambiri amatha kutseka ngakhale mano a M/T. Pamenepo dalaivala wanzeru amatsika kaye n'kuyeza kuzama kwa matope ndi ndodo.

Ndiye aliyense angogula M/T? Ayi ndithu. Zibuma zija zikafika pa phula zimalira ngati ndege yonyamuka pa Chileka, galimoto imamwa mafuta ambiri, ndipo popeza labala wokhudza msewu ndi wochepa, mabuleki amachedwa kugwira makamaka phula likanyowa. Dziwaninso kuti 4x4 imathandiza ponyamuka ndi pokwera, koma poima siithandiza chilichonse, pakuti galimoto iliyonse ili kale ndi mabuleki pa mawilo onse anayi. Galimoto ya kwathu kuno imayenda maulendo osakanikirana: makilomita angapo a fumbi kuchokera kumudzi, kenako phula mpaka m'tauni, ndipo mvula ndi ya miyezi ya Novembala mpaka Epulo yokha. Kwa galimoto yotere ine ndingasankhe A/T mosakayika. M/T ndi la amene ntchito yawo imawalowetsa m'madambo tsiku ndi tsiku nyengo yadzinja. Amene amagula M/T kuti galimoto izioneka yaukali pa Ginnery Corner, amenewo akungolemeretsa ogulitsa mafuta.

Mpweya nawo ndi chida. Bwererani ku masamu aja: mukaphwetsa tayala kuchoka pa 2.4 bar kufika pa 1.5 bar, malo okhudza pansi amakula kuchoka pa 250 cm² kufika pafupifupi 400 cm². Kulemera sikunasinthe, koma kwamwazikana pa malo aakulu, ndiye galimoto siimira kwambiri mumchenga. N'chifukwa chake madalaivala odziwa amachepetsako mpweya asanawoloke pamchenga wakuya. Choopsa chili pobwerera pa phula. Tayala lophwa limapindika n'kuwongoka pa kuzungulira kulikonse, kupindikako kumabala kutentha, ndipo pa liwiro la pa M1 kutenthako kukhoza kuliphulitsa. Wophwetsa tayala ayenera kukhala ndi pampu ndi geji m'galimoto momwemo.

Mwina mwaonapo kuti ma Land Cruiser ambiri onyamula odwala ali ndi matayala opyapyala koma aatali, monga a 7.50R16, osati otambalala ngati a m'mafilimu. Pali nzeru pamenepa. Pamene matope ali pamwamba pokha, monga pa katondo, tayala lopyapyala limatsindira kwambiri pa malo ochepa, limadula matopewo n'kukaluma nthaka yolimba ya pansi. Kutalika kwake kumakwezanso mimba ya galimoto kuti isakhale pa mtumbira wa pakati pa msewu.

Tsopano tiyeni tiwerenge tayala lenilenilo, chifukwa zonse zofunika zinalembedwa m'mbali mwake. Tinene kuti palembedwa 265/70 R16 112S. Nambala 265 ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita. 70 ikutanthauza kuti khoma la m'mbali ndi lotalika 70 peresenti ya 265, yomwe ndi mamilimita 185.5. R ikuimira radial, kapangidwe kamene kampani ya Michelin ya ku France inalembetsa mu 1946. 16 ndi kukula kwa limu m'mainchesi. 112 si makilogalamu ayi, ndi nambala ya pa tebulo yotanthauza kuti tayala limodzi lisanyamule kupitirira makilogalamu 1,120, ndipo S ikunena kuti lisapitirire liwiro la makilomita 180 pa ola. Nambala ya katunduyi ndi imene anthu amainyalanyaza kwambiri, chonsecho pikapu ya kumudzi imanyamula chimanga, simenti ndi anthu pamwamba pake. Mukaona zilembo LT, dziwani kuti tayalalo lili ndi thupi lolimba, lopangidwira katundu wolemera, ndipo limapirirako miyala.

Manambalawa ali ndi ntchito inanso. Matayala onse anayi a 4x4 ayenera kukhala a saizi imodzi, ndi sipeya yomwe. Tayala la 265/70 R16 ndi lotalika pafupifupi mamilimita 777, ndipo likazungulira kamodzi limayenda mamilimita 2,442. La 265/65 R16, lomwe ndi maso limaoneka chimodzimodzi, limayenda mamilimita 2,359 okha. Pa kilomita imodzi loyamba lizungulira ka 410, linalo ka 424. Pa magalimoto monga Hilux ndi Land Cruiser za pikapu, mukalowetsa giya ya 4x4, mawilo akutsogolo ndi akumbuyo amamangidwa kuti azizungulira mofanana. Mukaika saizi ina kutsogolo, ina kumbuyo, kusiyana kwa ka 14 kuja kuyenera kutulukira penapake. M'matope matayala amangoterereka pang'ono, nkhani yatha. Pa nthaka youma, zitsulo za m'kati ndi zimene zimapotokola, ndipo mtengo wokonzera umaposa wa tayala limene munthu amafuna kupulumutsa.

Kupulumutsa ndalama kukutifikitsa pa matayala a kaunjika, omwe ambiri amagula chifukwa atsopano ndi odula zedi. Labala amakalamba ngakhale tayala lisakuyenda. Utomoni wa mtengo wa labala, wonga umene amakolola ku Vizara ku Nkhata Bay, pawokha ndi wofewa ndipo umanata kukatentha. Charles Goodyear ndi amene analembetsa mu 1844 njira youlimbitsa pouphika ndi sulphur, ndipo matayala a lero amasakanizanso labala wopangidwa kuchokera ku mafuta. Dzuwa, kutentha ndi mpweya zimapitiriza kusintha labalayo mpaka aume n'kuyamba ming'alu. Fufuzani mawu oti DOT. Manambala anayi omalizira ndi sabata ndi chaka chimene tayala linapangidwa, moti 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Opanga matayala ambiri amalangiza kuti lopitirira zaka 10 lichotsedwe ngakhale mano akuoneka bwino. M'ngalande za tayala mulinso timizere totukuka totalika mamilimita 1.6, mano akalingana nato, tayalalo latha. Chenjeraninso ndi matayala olembedwa studless, amene amabwera ndi magalimoto ena ochokera ku Japan. Mano ake amaoneka akuya, odzaza timizere topyapyala, koma anapangidwira chipale chofewa. Labala wake ndi wofewa, ndipo pa phula lotentha la ku Chileka mu Okutobala amadyeka msanga komanso mabuleki sagwira bwino.

Masamu a nsapato zinayi aja mukhoza kuwayesa nokha ndi njinga yakapalasa. Popani tayala lakumbuyo mpaka lilimbe, linyowetseni kunsi, muliike pa katoni youma, mnzanu akhale pa chishalo osagwedezeka. Nyamulani njinga, zungulizani chidindo chonyowacho ndi pensulo. Kenako phwetsani mpweya pafupifupi theka n'kubwerezanso pa katoni ina. Mukayeza zidindo ziwirizo ndi rula, onetsetsani mbali imene yakula kwambiri: mupeza kuti chidindo chatalika kuposa mmene chatambalalira.