Wogulitsa mowa nayenso amayankha mlandu wa ngozi ya pamsewu

M'zigawo zambiri za dziko la America, munthu akaledzera pa bala kenako n'kuchita ngozi ndi galimoto, mlandu sugwera dalaivala yekha. Wovulalayo, kapena achibale a womwalirayo, angathe kusumiranso mwini bala kuti apereke chipukuta misozi. Malamulowa amatchedwa dram shop, dzina lochokera ku kamuyezo kamene ankagulitsira mowa wa jini ku England m'zaka za m'ma 1700.

Kale makhoti ambiri ankati wolakwa ndi wakumwa, osati wothira mowa m'tambula. Zinthu zinasintha kwambiri mu 1959, pa mlandu wa Rappaport v. Nichols, pamene khoti lalikulu la New Jersey linagamula kuti bala yomwe inagulitsa mowa kwa mnyamata wosakwana zaka zololedwa, amene pambuyo pake anapha munthu pamsewu, ikhoza kuimbidwa mlandu wa kusasamala. Mu 1984 khoti lomwelo linafikitsa udindowu ngakhale kwa munthu womwetsa alendo kunyumba kwake. Komabe zigawo zina, monga Nevada, sizilola kusumira bala chifukwa chogulitsa mowa kwa munthu wamkulu.

Gwero la nkhaniyi lili m'thupi. Lamulo limaletsa kuyendetsa galimoto mowa ukafika magalamu 0.08 m'mamililita 100 a magazi, ndipo ku Utah malirewo anatsitsidwa kufika pa 0.05 mu 2018. Chiwindi sichithamanga pochotsa mowa m'magazi: pa ola limodzi mlingowu umatsika ndi 0.015 yokha, choncho wofika pa 0.08 amafunika maola oposa asanu kuti mowa umuthere. Khofi kapena kusamba madzi ozizira sizithandiza. Choopsa china n'chakuti botolo lomaliza limapitiriza kulowa m'magazi kwa theka la ola kapena kuposerapo, moti munthu amene watuluka pakhomo akuyenda bwinobwino angathe kuledzera kwenikweni ali kale pa chiwongolero.

Apa m'pamene malamulo a dram shop amaperewera. Ambiri a iwo amafuna umboni woti kasitomala ankaoneka ndi maso kuti waledzera: lilime lolemera, maso ofiira, kudzandira popita kuchimbudzi, kukanika kuwerenga chenji. Koma ubongo umayamba kuchedwa kuponda mabuleki zizindikirozi zisanaoneke, ndipo wozolowera mowa amatha kucheza molongosoka atadutsa kale malire. Wogulitsa wosamala sadikira kudzandirako. Amawerenga mabotolo ndi nthawi, amabweretsa chakudya ndi madzi, ndipo akaona kuti zakwana amakana mwaulemu n'kuitana takisi. Ku Texas, bala yomwe antchito ake anachita maphunziro ovomerezeka a kagulitsidwe ka mowa imatetezedwa ku milandu yotere, bola mwini wake sanawalimbikitse kuphwanya lamulo.

Mu 2022, anthu oposa 13,000 anafa m'misewu ya ku America pa ngozi zokhudza madalaivala oledzera, pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amene anafera pamsewu chaka chimenecho.