Ulendo wa ku Lusaka: Kupita ndi Kubwera Tsiku Lomwelo

Lero ndifuna kukamba nanu za ulendo umene ambiri a ife timayenda, koma amene amaukonzekera ndi owerengeka: kucoka kwanu m'mamawa, kukacita cimene mwapitira ku Lusaka, ndi kudzagona m'nyumba mwanu usiku womwewo. Munthu wa pa nchito sapatsidwa masiku ambiri. Kapitao akakulolani tsiku limodzi, ndi limodzi lomwelo. Mukagona ku Lusaka mosayembekeza mulipira pogona, mulipira cakudya, ndipo m'mawa mwace dzina lanu lilembedwa pamodzi ndi ojomba.

Tiyambe ndi mtunda. Kucokera ku Kabwe, kumene akulu akali kuchula kuti Broken Hill, kufika ku Lusaka pali makilomita ngati 140, ndiwo mamailosi 87 kwa iwo amene anaphunzira kuwerenga kale. Kucokera ku Kapiri Mposhi pali ngati 200, ku Ndola ngati 320, ndipo ku Kitwe ngati 360. Ciwerengero ciri conse muciwerenge kawiri, popeza njira imene mwapita ndiyo mudzabwerera. Wa ku Kabwe, wa ku Chibombo ndi wa ku Chisamba akhoza kupita ndi kubwera bwino lomwe. Wa ku Kapiri ali pa malire. Koma inu anzanga a ku Copperbelt ndikuuzeni mosabisa: makilomita 640 kapena 720 pa tsiku limodzi, woyendetsa ali mmodzi yekha, ndipo mwina watuluka m'shifiti dzulo lace usiku, uko ndi kuseweretsa moyo wace ndi wa ana amene wanyamula. Pakhale oyendetsa awiri, kapena mukwere basi, kapena mupemphe masiku awiri.

Ndiponso yambani mwafunsa ngati nkhani yanu iri ya ku Lusaka ndithu. Likulu la Workers' Compensation Fund Control Board liri ku Ndola. Kupima zifuwa za anthu a m'migodi kumacitika ku Kitwe. A NAPSA ali ndi maofesi ku Kabwe, ku Ndola ndi ku Kitwe. Alipo okalamba amene amataya ndalama za basi kudza ku Lusaka, nangouzidwa kuti abwerere ku ofesi imene anaidutsa m'tauni ya kwao. Foni iri m'thumba mwanu. Imbani musananyamuke, mufunse citseko cace, nthawi yace, ndi mapepala amene afunika.

Tsono nayi njira yowerengera nthawi. Anthu ambiri amayamba ndi kufunsa kuti, “Kodi ndinyamuke nthawi yanji?” Funso loyamba si limenelo iai. Yambani ndi dzuwa la madzulo, muwerenge cobwerera m'mbuyo. M'mwezi wa June dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane; m'December limafika ca m'ma 6.30. Ulendo wa pakati pa Kabwe ndi Lusaka muupatse maora atatu, cinkana masiku ena mudzafika msanga. Cotero ngati mufuna kulowa m'Kabwe kukali kowala, muyenera kucoka m'Lusaka pa 3 koloko nthawi ya cisanu, kapena pa 3.30 nthawi ya dzinja. Maofesi a Boma amatsegula pa 8 koloko, napumula kuyambira 1 koloko kufikira 2 koloko. Mwaona tsono kuti tsiku limene mumaliyesa lalitali liri ndi maora asanu okha a m'mawa, ndi ora limodzi la masana. Kuti maora asanuwo akhale anu onse, pa 5 koloko mukhale mutatuluka m'Kabwe. Inde, m'June nthawi imeneyo kukali mdima. Koma mdima wa mbanda kuca ngwaufupi, woyendetsa wagona, ndipo kuwala kuli kudza kutsogolo kwace. Mdima wa madzulo umapeza munthu atatopa, ndipo umanka nukula.

Za tsiku: Laciwiri, Lacitatu ndi Lacinai ndiwo masiku abwino. Lolemba mizere ya m'maofesi ndi m'zipatala imatalika, ndipo Lacisanu madzulo theka la mzinda limafuna kutuluka nthawi imodzi. Pa kutha kwa mwezi, anthu atalandira, m'mabanki ndi m'masitolo simupitika. Yang'ananinso kalendala. Lolemba ndi Laciwiri loyamba la July ndi masiku opumula, Lolemba loyamba la August cimodzimodzi, ndipo masiku amenewo a August kuli cionetsero ca zaulimi ndi malonda cimene cimadzaza Great East Road. Ngati kuli mpira waukuru pa National Heroes Stadium, imene inatsegulidwa mu 2014 m'mbali mwa mseu wathu womwewu, ulendo wanu muusunthire tsiku lina.

Galimoto muikonze dzulo lace, kukali kowala. Onani madzi, oilo, mabuleki, nyali zonse, ndi mpweya wa m'matayala, osaiwala tayala lapadera, jeke ndi sipanala yace. Laisensi yanu, msonkho wa mseu, inshuwalansi ndi pepala losonyeza kuti galimoto inapimidwa zikhale zosatha masiku, ndipo matrayango awiri akhale m'buti, cifukwa apolisi ndi a RTSA adzazifunsa panjira. Petulo muwerenge motere: ngati galimoto yanu imayenda makilomita 12 pa lita imodzi, makilomita 280 afuna malita 24, ndipo muonjezepo 6 a kuzungulira m'tauni ndi kuima m'mizere injini iri kulira. Mtengo wace umalengezedwa ndi Energy Regulation Board ndipo ndi umodzi m'dziko lonse, cotero palibe phindu kunyamuka ndi thanki youma poganiza kuti ku Lusaka mukagula mochipa. Sunganinso ndalama zazing'ono za pa cipata ca msonkho ca ku Katuba, cimene cinayamba nchito mu 2017. Mumalipira popita ndi pobwera pomwe.

M'thumba mukhale reji yanu, ndi kope yace yojambulidwa kale kwanu. Makolo athu sanali kulowa m'tauni opanda citupa, ndipo anazitentha zitupazo mu 1961. Ife lero palibe wotiletsa panjira, koma pa tebulo la kalaliki, wopanda reji abwerera cimanjamanja. Wopita ku cipatala cacikuru ca UTH kapena ca Levy Mwanawasa anyamule kalata yomtumiza yocokera ku cipatala ca kwao, makadi ace akale, ndi nambala yace ya NHIMA.

Mseu wa Great North Road ngwoongoka, ndipo kuongoka kwace ndiko kumanyenga. Ucoka ku Kabwe nudutsa Chibombo, Liteta, Landless Corner pamene papatukira njira ya ku Mumbwa, mphambano ya ku Chisamba, Katuba, ndi Ten Miles. Koma mseu umenewu suli wa ife tokha. Malole onse opita ku migodi, ku Kasumbalesa pa malire a Congo, ndi ku Nakonde pa njira ya ku Dar es Salaam, amayenda momwemo, ena atatu kapena anai motsatana. Munthu wofulumira amatopa kukhala kumbuyo kwao, natuluka kuti awapitirire onse nthawi imodzi. Ambiri a inu mukumbukira tsiku la 7 February 2013, pamene basi yocokera ku Ndola inaombana ndi lole pafupi ndi Chibombo, ndipo anthu oposa 50 anafa m'mawa umodzi. Mu 2023 Boma linapangana ndi Macro Ocean Investment Consortium kuti mseu wa Lusaka ndi Ndola, makilomita 327, ukhale wa mbali ziwiri, ndipo nchito inayamba mu 2024. Pali ponse pamene mupeza anthu a nchito, zipatuko ndi mbendera zofiira, cepetsani liwiro. Nthawi yace tinaiwerengera kale m'maora atatu aja. Pa misika ya m'mbali mwa mseu, monga wa John Chinena, anthu amaoloka mosayang'ana atanyamula tomato ndi mavwende. Zogula za kumeneko muzisiyire pobwera.

Ife a njira ya kumpoto tiri ndi mwai umodzi: mseu wathu uloza kumwera, ndipo dzuwa limakhala pambali. Anzathu a ku Nampundwe ndi ku Mumbwa, amene amalowa ndi Mumbwa Road, amayang'anana nalo m'maso m'mawa popita, nayang'anana nalonso madzulo pobwerera. Amenewo atsuke galasi lakutsogolo kunja ndi mkati, ndipo acoke m'tauni dzuwa lisanapendeke kwambiri.

Kuyambira pa Ten Miles ulendo usanduka wina. Lusaka inakhala likulu mu 1935, iri kamudzi ka pa njanji. Pa kalembera wa 2022 anapezamo anthu oposa mamiliyoni awiri, ndipo ambiri amene amanga nyumba ku Kabangwe ndi kupitirira amalowa m'tauni nthawi yomweyo imene inu mufika. Makilomita 16 otsirizawo akhoza kudya ora lathunthu. Mukapitirira bwalo la mpira ndi mphambano ya ku Mandevu mwafika m'dera la Emmasdale, ndipo apa ndipo pamene ulendo umakomera kapena kuonongeka, cifukwa apa muyenera kudziwa kale kumene muloza. Wofuna Soweto Market, City Market kapena mafakitale a kumadzulo atenge Lumumba Road, imene ilambalala pakati pa tauni nikatulukira ku Kafue Road. Akaiphonya pa mphambano, Sheki Sheki Road ya m'Emmasdale momwemo idzamfikitsako. Wofuna Cairo Road apitirire kufika pa Kabwe Roundabout. Pomwepo payambira Great East Road, yopita ku cipatala ca Levy Mwanawasa ndi ku Chelstone. Wa nkhani za malo ku Mulungushi House, wa ku maofesi a Boma a pa Independence Avenue, wa ku UTH, ku Kabwata, ku Woodlands kapena ku Kabulonga, ayenera kuoloka njanji ndi kukwera cakum'mawa. Milatho ya pamwamba imene inamangidwa pa Arcades, Munali, Longacres ndi Makeni pakati pa 2018 ndi 2021 yathandiza, koma munthu wosaizolowera akalowa mzere wolakwa amapita kutali asanapeze potembenukira.

Ngati simunazolowere kuyendetsa pakati pa maminibasi a m'Lusaka, palibe ca manyazi kusiya galimoto pa nyumba ya mbale kapena pa malo olondedwa ku Emmasdale kapena ku Matero, ndi kulowa m'tauni pa minibasi. Mupulumuka bvuto la poimika, ndipo madzulo galimoto yanu iri kale kumpoto kwa tauni, yoloza kwanu. Kumene muisiya konse, pa mipando pasakhale cikwama kapena foni. Dziwaninso kuti ku Emmasdale ndi ku Kamwala eni masitolo ambiri ndi Asilamu, ndipo Lacisanu masana ena amatseka kupita ku mzikiti.

Nchito zanu muziike m'dongosolo lotere: coyamba cimene ciri ndi mzere ndi citseko cotsekedwa pa 1 koloko, ndico ofesi, cipatala kapena banki. Kugula kudze pambuyo, popeza sitolo siithawa, ndipo katundu wogula m'mawa mumayenda naye tsiku lonse ndi mtima uli m'mwamba. Zinthu ziwiri zazikuru zikwanira tsiku limodzi. Cacitatu ncamwai cabe.

Tsopano ndifike pa cinthu cimene caononga maulendo ambiri koposa matayala ophulika, ndico cibale. Muli ndi alamu anu ku Chelstone, amalume ku Kabwata, ndipo akamva kuti munafika m'Lusaka osawaona, mlandu wace udzakambidwa pa maliro ali onse a m'banja. Mukangoti ndikapereke moni, mai a pa nyumba agwira nkhuku. Nkhuku ya mlendo siikanidwa, ndipo siipsa msanga. Pamene musamba m'manja kaciwiri, 4 koloko yakwana, ndipo pakati pa inu ndi Great North Road pali tauni yonse iri kuweruka. Cotero auzeni dzulo lace pa foni kuti, “Amalume, mawa ndiri kudza ku ofesi, koma ndibwerera tsiku lomwelo, ngati nkotheka tikaonane m'tauni pa 1 koloko.” Ora limene makalaliki ali kudya, inunso mudye ndi abale anu pafupi pomwepo. Ulemu mwapereka, ndipo dzuwa mukali nalo.

A pa basi, mau anu ndi awa. Kwerani basi yoyamba, ndipo mukatsika pa Intercity, pa Dedan Kimathi Road, musacoke musanafunse nthawi ya basi yobwerera ndi kugula tikiti ngati alola. Tikiti mugule pa zenera la kampani. Ang'wang'wazi amene akuthamangirani ndi kulanda cikwama adzakuuzani kuti basi iri kunyamuka tsopano lino, cinkana muli anthu atatu okha. Maminibasi a m'tauni mudzawapeza pa Kulima Tower, Millennium, City Market ndi Lumumba. Funsani kondakitala musanakwere. Mu 2016, ngozi zitacuruka, Boma linaletsa mabasi kuyenda pakati pa usiku, cotero musadalire kuti mukacedwa mudzapeza ina. Ndalama yobwerera muiike pa yokha m'thumba lina, isasanganizike ndi ya ku Kamwala.

Nthawi ya dzinja, kuyambira November kufikira April, onjezani ora lina. Lusaka ngwa pa cidikha ca miyala ya laimu, madzi sacoka msanga, ndipo mvula ya masana imodzi imatseka njira za ku Kamwala ndi ku Kanyama.

Nanga zikakanika? Kalaliki wati mubwere pa 3 koloko, kapena dokotala wacedwa, ndipo pofika pa Emmasdale nyali za m'mseu zayaka. Imani pa malo omwetsera petulo, muganize muli ciimire. Kutsogolo kuli makilomita 140 a mdima, malole ofa opanda nyali ndi nthambi za mtengo zokha zoikidwa pa tala, njinga za makala zopanda cowala, ndi anthu ocokera ku mowa. Inu munadzuka pa 4 koloko. Ngati maso alemera, imbirani kapitao wanu usiku womwewo, muwauze zoona, mubwerere kwa amalume aja mukagone, ndipo munyamuke pa 5 koloko m'mawa. Popeza nthawi imeneyo magalimoto onse ali kulowa m'tauni, mbali yanu ya mseu idzakhala yoyera kufikira ku Katuba.